Mphunzitsi wosapereka mayeso

Mu 1897 ophunzira a pasukulu ina ya Chiyuda ku Slabodka, kutsidya kwa mtsinje wa Neris ukachoka mumzinda wa Kaunas ku Lithuania, anaukira akuluakulu awo. Nkhani sinali ya nyemba zofumbwa kapena fizi. Anyamatawo anali atasiya makolo kutali kuti adzakhale pa mabuku usana ndi usiku, ndipo zimenezo analibe nazo dandaulo. Chinkawakwiyitsa n'choti tsiku lililonse, kwa theka la ola kapena kuposerapo pang'ono, ankauzidwa kutseka mabuku a malamulo n'kuyamba kudzifufuza mumtima, komanso kuti panali munthu wamkulu amene ntchito yake inali kuwayang'anira khalidwe. Ankati iwo anadzera Talmud, mabuku a malamulo aja, sanadzere kuleredwa. Mkanganowo unafika mpaka m'nyuzipepala ya Chiheberi ya Ha-Melitz, arabi (aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda) ena otchuka ataima mbali ya anyamatawo. Mapeto ake sukulu inang'ambika pawiri. Ambiri anatsala pamalo akale, ndipo amene anaiyambitsa, Rabi Nosson Tzvi Finkel, anatuluka ndi kagulu kochepa kukayambira pena.

Kagulu kochepako ndi kamene kanadzapambana. Lero mukalowa m'masukulu akuluakulu a mwambo wa ku Lithuania, kaya ku Jerusalem, ku Bnei Brak, ku Lakewood m'dziko la America kapena ku Gateshead ku England, mumpeza munthu uja anyamata a Slabodka ankamukana. Amamutcha mashgiach. Pa yeshiva, sukulu imene anyamata ndi abambo amaphunzirapo Talmud ndi malamulo a chipembedzo, mkulu wa maphunziro ndiye amanola ubongo. Mashgiach yekha sapereka mayeso, sachonga, alibe silabasi yoti amalize. Kamodzi pa sabata amaima pamaso pa sukulu yonse n'kulankhula za moyo. Nthawi zina amakumana ndi timagulu ta anyamata ochepa, totchedwa va'ad, momwe amatenga khalidwe limodzi, kulikambirana, n'kugwirizana chochita masiku akubwerawo. Koma ntchito yake yeniyeni sioneka pa ndandanda ya maphunziro. Iye ndiye amayenera kudziwa mnyamata amene wayamba kuchedwa ku mapemphero a m'mawa ndi chifukwa chake, amene amayi ake agonekedwa m'chipatala, amene nzeru zayamba kumutukumula, amene masana akumwetulira koma usiku sakugona.

Masukulu ambiri padziko amalemba mawu akuti "khalidwe" pa geti ndi pa baji ya yunifolomu. Ndi ochepa amene anaganizapo zolemba munthu ntchito yokhayo, kumupatsa malipiro ndi nthawi. Ayuda a ku Lithuania anachita zimenezo, ndipo kwa zaka zoposa 100 aona ubwino wake ndi kuopsa kwake. Diso limene limamudziwa mwana bwinobwino ndi lomwelo lingasanduke la kazitape, ndipo anyamata a 1897 aja sanali olakwa pa zonse.

Rabi amene ankasamba madzi ochepa

Gwero la zonsezi ndi Rabi Israel Lipkin, odziwika kwambiri ndi dzina lakuti Israel Salanter chifukwa cha tauni ya Salant kumene anakhwimira m'maphunziro. Anamwalira mu 1883 ku Königsberg. Anali katswiri wa Talmud amene palibe akanamukayikira, ndiye zimene ananena sizikanatayidwa ngati mawu a munthu wolephera sukulu. Ankaona anthu oopa kudya kanthu koletsedwa ngakhale kadontho, koma omwewo osaopa kubera kasitomala pa sikelo kapena kuchititsa mnzawo manyazi pagulu. Anazindikira kuti kudziwa lamulo sikumugwira munthu dzanja mkwiyo ukafika. Pansi pa nzeru, iwo ankaphunzitsa, pali mphamvu zina zobisika zimene zimayendetsa munthu iye osadziwa, ndipo zimenezo sizimva ulaliki. Ankanena zimenezi Sigmund Freud asanatchuke. Ophunzira awo amakumbukira kuti ankati kumaliza Talmud yonse n'kosavuta poyerekeza ndi kusintha khalidwe limodzi.

Njira yawo, imene inadzatchedwa musar, inali yoti khalidwe lizichitidwa mobwerezabwereza ngati luso la manja. Munthu ankatenga chiganizo chimodzi m'buku la malangizo, monga Mesillat Yesharim la Moshe Chaim Luzzatto lomwe linasindikizidwa ku Amsterdam mu 1740, n'kumachibwereza mokweza, mwa kaimbidwe, mpaka chimukhudze. Anatsegulanso tinyumba tapadera momwe amalonda ndi amisiri ankabwera madzulo kudzachita zomwezo.

Nkhani zimene anthu amasimba za a Salanter n'zimene zimaonetsa kumene mtima wawo unali. Akuti tsiku lina ali mlendo panyumba ina, posamba m'manja asanadye monga mwambo umafunira, anagwiritsa ntchito madzi ochepa zedi, ongokwanira lamulo. Atafunsidwa, analoza mtsikana wantchito amene ankatunga madziwo kutali: kupembedza kwawo kusakhale pa msana wa mwanayo. Akutinso ophunzira atawafunsa chofunika kusamala kwambiri pophika mkate wa Pasika wopanda chotupitsa, umene malamulo ake ndi ankhaninkhani, anayankha kuti asamakalipire mayi wamasiye amene akukanya ufawo. Mu 1848 kolera itagwa ku Vilna anasonkhanitsa anyamata kuti azisamalira odwala ngakhale pa Sabata, ndipo analamula anthu kuti asasale kudya pa Yom Kippur, tsiku lopatulika koposa onse, poopa kuti matupi ofooka agwidwa ndi mliriwo. Akuluakulu ena a mumzindawo sanakondwe nazo.

Chida chimodzi chimene a Salanter analimbikitsa chili ndi mbiri yoseketsa. Ndi kabuku kotchedwa Cheshbon ha-Nefesh, kolembedwa ndi Menachem Mendel Lefin, kamene kanatuluka koyamba mu 1808 n'kudzasindikizidwanso m'ma 1840 iwo atalimbikitsa. Kamatchula makhalidwe 13, monga kukhazikika mtima, kuleza mtima, dongosolo, kudzichepetsa, kusunga pakamwa ndi kunena zoona. Munthu amatenga limodzi pa sabata, madzulo aliwonse n'kuika kachizindikiro m'kope pamene wapunthwa. Akafika pa la 13 amayambiranso, ndiye pa chaka khalidwe lililonse amalibwerera kanayi. Lefin anabwereka njirayi kwa Benjamin Franklin wa ku America, amene anaifotokoza m'buku la moyo wake. Motero anyamata opembedza a ku Lithuania, ambiri osadziwa n'komwe, ankadzisula ndi chida cha wosindikiza mabuku wa ku Philadelphia amene sanali Myuda.

Nyumba zitatu, mankhwala atatu

Atamwalira a Salanter, njira yawo inalowa m'masukulu kudzera mwa ophunzira awo ndi adzukulu awo m'maphunziro, ndipo apa m'pamene panaoneka kuti anthu ogwirizana kuti khalidwe n'lofunika angathe kusiyana kotheratu pa mmene mwana amasulidwira.

Ku Kelm, Rabi Simcha Zissel Ziv, amene anamwalira mu 1898, ankakhulupirira dongosolo. Sukulu yawo inali yaing'ono mwadala. Kunalibe wantchito wosesa. Kusesa, kutunga madzi, kuyatsa nyale ndi kukoleza moto zinali ntchito za ophunzira, ndipo zinkatengedwa ngati ulemu woti munthu aupikisanire. Chitseko chikatseguka pakati pa phunziro, palibe amene ankatembenuka kuona wolowa, chifukwa amene sangalamule khosi lake sangalamule mkwiyo wake. Panali ngakhale chigawo cha maphunziro cha mphindi zisanu zokha, kuti anyamata aphunzire kuti mphindi zisanu si zotaya. Amasimba za katundu wa mlendo amene anaiwalidwa pamalo n'kukhala pomwepo zaka, osesa akumunyamula ndi kumubwezera tsiku lililonse. Kwa zaka zingapo a Ziv anayendetsanso sukulu ku Grobin, m'dziko la Latvia la lero, komwe ana ankaphunzira masamu ndi zilankhulo pambali pa za chipembedzo, chinthu chimene arabi ambiri a nthawiyo ankachiona ndi diso lofiira.

A Finkel a ku Slabodka anadutsa m'manja mwa a Ziv, koma anaona vuto lina. Mnyamata wa yeshiva wa nthawi imeneyo nthawi zambiri anali mmphawi wodya mwa anthu, Lolemba nyumba iyi, Lachiwiri nyumba iyo, wa jekete long'ambika, wosekedwa ndi anzake amene anapita ku yunivesite. Mwana wotere, iwo anaganiza, safunika kumuuza kuti ndi fumbi. Akudziwa kale. Ankamuuza za ukulu wa munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo ankafuna kuti ziziwonekera ndi pa zovala pomwe: suti yoyera, chipewa chowongoka, kuyenda kwa munthu wodzilemekeza. Sanasiye mabuku ambiri. Ntchito yawo inali kucheza ndi mnyamata mmodzimmodzi, wina kumunyengerera, wina kumukhalira chete masabata mpaka adzifunse chimene walakwa, wina kumusankhira mnzake wophunzira naye amene angamuchepetse matama. Zipatso zake zimawerengeka. Aharon Kotler, amene anayambitsa yeshiva ya ku Lakewood mu 1943, Yaakov Yitzchok Ruderman, amene anayambitsa Ner Israel ku Baltimore mu 1933, Yitzchak Hutner, Yaakov Kamenetsky, onsewa anadutsa ku Slabodka, ndipo chodabwitsa n'choti sankafanana. Mphunzitsi amene ophunzira ake amatuluka osafanana naye ndiponso osafanana okhaokha, ameneyo ndimamukhulupirira.

Nyumba yachitatu ndi ya Novardok, imene Rabi Yosef Yozel Horwitz anatsegula mu 1896 m'tauni ya Navahrudak, ku Belarus ya lero. Iwowa anali munthu woopsa. Anadzitsekerapo m'chipinda kwa nthawi yoposa chaka, chakudya akulandirira pa zibowo za pakhoma. Ankati mdani wamkulu wa munthu ndi kuopa maso a anthu, ndipo mankhwala ake ndi kudzichititsa manyazi dala. Mnyamata ankatumidwa kukalowa m'sitolo ya mankhwala n'kufunsa misomali, kuti asekedwe mpaka kusekedwa kusiye kumupweteka. Ankakhala ndi nthawi imene ankaitcha msika, pamene anyamata ankayendayenda awiriawiri m'holo akuululirana zofooka zawo. Kulimba mtima kwawo sikunali kwa pakamwa. Boma la Chikomyunizimu litaletsa maphunziro a chipembedzo, ophunzira a Novardok ankazemba malire usiku kulowa ku Poland, komwe anatsegula masukulu ambirimbiri. A Horwitz eni ake anamwalira ku Kiev mu 1919 atatenga matenda a typhus posamalira ophunzira odwala.

Koma njira imeneyi inasiyanso mabala. Chaim Grade, mmodzi wa alembi akuluakulu a chilankhulo cha Yiddish, anakulira m'masukulu a Novardok n'kuchoka ali ndi zaka 22. M'buku lake lalitali lotchedwa Tsemakh Atlas anajambula mphunzitsi wa musar amene amafukula tchimo mwa aliyense, iye mwini akudyeka ndi chikayiko, mpaka kuwononga amene amafuna kuwakonza. Otsutsa analipo kuyambira kale. Rabi Chaim Soloveitchik atamva pempho loti musar ilowe ku Volozhin, mayi wa masukulu onse a yeshiva, akuti anayankha kuti mafuta a nsatsi amamwetsa wodwala, koma ukamwetsa wabwinobwino ndiye wamudwalitsa. Nawonso anyamata oukira aja anali ndi dandaulo logwirika: kandalama ka chithandizo kamene ophunzira ankalandira kanali m'manja mwa akuluakulu omwewo, ndiye panali kukayikirana kuti wooneka wodzichepetsa ndi amene akondedwe. Paliponse pamene khalidwe limagula kanthu, anthu amaphunzira msanga kulivala ngati malaya.

Zimene zinapulumuka

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inafafaniza dziko la masukulu amenewa. Mu 1941 aphunzitsi ndi ophunzira a ku Kelm anaphedwa pamodzi ndi Ayuda ena a m'tauniyo. Gawo la Slabodka linali litasamukira kale ku Hebron mu 1924, ndipo litataya ophunzira 24 pa zipolowe za 1929 linapita ku Jerusalem. Yeshiva ya Mir inathawa pafupifupi yonse kudzera ku Japan mpaka ku Shanghai, ndi ziphaso zimene kazembe wa Japan ku Kaunas, Chiune Sugihara, analemba mu 1940. Mashgiach wawo, Rabi Yechezkel Levenstein, anapita nawo, ndipo nkhani za sabata ndi sabata sizinaleke ngakhale ku China.

Mwa amene ananyamula mwambowu kuufikitsa kwa ana a masiku ano, awiri ali ndi maganizo amene mlangizi aliyense angawagwiritse ntchito. Rabi Eliyahu Dessler, amene anaphunzira ku Kelm, kenako n'kutsogolera gulu la ophunzira akuluakulu ku Gateshead kuyambira mu 1941 asanakakhale mashgiach wa yeshiva ya Ponevezh ku Israel, ankaphunzitsa kuti munthu aliyense ali ndi malo akeake pamene nkhondo ya kusankha imachitikira. Zimene zili pansi pa malowo anazizolowera kale, sizimuvuta. Zimene zili pamwamba pake sanafikepo, sizimukhudza. Mwana wokulira pakati pa mbala, kuba sakuona ngati funso. Funso lake lingakhale loti atagwidwa avulaze munthu kapena ayi, ndipo akasankha kusavulaza ndiye kuti wapambana nkhondo yake. N'chifukwa chake ulaliki wa pa asembule suthandiza kwenikweni. Umalankhula kwa ana 500 ngati onse aima pamalo amodzi. Kuti udziwe pamene mwana waima uyenera kumudziwa iyeyo.

Wachiwiri ndi Rabi Shlomo Wolbe, wobadwira ku Berlin mu 1914, amene anaphunzira ku Mir, nthawi ya nkhondo n'kukhala ku Sweden, kenako n'kukhala mashgiach ku Be'er Yaakov kwa zaka zoposa 30. Anamwalira mu 2005. Iwowa anafewetsa musar osaisukulutsa. Ankaletsa malonjezo akuluakulu. Anasimbapo kuti nthawi ya nkhondo ya ku Israel ya 1973 anakwera ndege imene inkauluka m'munsi kwambiri, ndipo atafunsa anauzidwa kuti ikakwera m'mwamba makina a adani aiona. N'chimodzimodzi ndi kusintha khalidwe, iwo anatero: ukadzilonjeza chachikulu, mtima umadzuka kukana, koma kakang'ono kamadutsa mtima usanazindikire. M'kabuku kawo konena za kulera ana anasiyanitsa kudzala ndi kumanga. Pali zina mwa mwana zimene umangodzala n'kudikira nyengo yake, pali zina zimene umaika njerwa pa njerwa. Kholo kapena mphunzitsi wofuna chipatso nyengo isanakwane amaononga mbewu. Kumenya ana ankakutsutsa poyera.

Tisaiwale kuti masukulu onse atchulidwawa anali a anyamata okhaokha. Atsikana a m'mabanja opembedza a kum'mawa kwa Ulaya anayamba kukhala ndi masukulu awo pamene telala wina wa ku Kraków, Sarah Schenirer, anatsegula kalasi yoyamba ya Bais Yaakov mu 1917. Lero ku Israel, m'masukulu a boma ndi a chipembedzo omwe, kalasi iliyonse imakhala ndi mphunzitsi woilera, mechanech kapena mechanechet, amene ali ndi ola lake pa sabata loti acheze ndi ana za moyo osati za mayeso.

Ku Waltham

Ku America nkhaniyi inakumana ndi mtsinje wina. Mu 1989 bungwe la Carnegie linatulutsa lipoti lotchedwa Turning Points lonena za ana a zaka zosinthira, ndipo mwa zina linati mwana aliyense pasukulu azikhala ndi wamkulu mmodzi amene akumudziwa bwino. Masukulu ambiri anayamba timagulu ta ulangizi. Mphunzitsi mmodzi amapatsidwa ana pafupifupi khumi, amakumana nawo kamodzi kapena kangapo pa sabata, kwina amakhala nawo mpaka atamaliza sukulu, ndipo kholo likakhala ndi nkhawa limayamba kuimbira iyeyo. Masukulu a Chiyuda a masana, amene amaphunzitsa sayansi ndi mbiri ya dziko pamodzi ndi Chiheberi ndi Torah, malemba awo opatulika, anatengera dongosololi ngati ena onse. Vuto lake aliyense amene anaphunzitsapo angalilote. Mphunzitsi wa kemisitiri, amene sanaphunzirepo kutsogolera macheza a zakukhosi, wakhala ndi ana khumi kwa mphindi 30. Akambe chiyani? Kawirikawiri nthawiyo imathera pa kuitana mayina, kulengeza za ulendo wa sukulu ndi kumaliza homuweki.

Sukulu ya sekondale ya Gann Academy ku Waltham, pafupi ndi Boston, inayesa kudzaza mphako imeneyi ndi musar. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1997, ndi ya anyamata ndi atsikana, ndipo imalandira ana a m'mabanja a Chiyuda a mitundu yonse, osunga Sabata mokhwima ndi osasunga omwe. Pa nthawi imene Rabi Marc Baker anali mphunzitsi wamkulu, udindo umene anausiya mu 2018, Rabi David Jaffe anatsogolera pulogalamu yotchedwa Chanoch LaNa'ar, dzina lochokera pa Miyambo 22:6. A Jaffe ankadziwika pasukulupo ndi udindo wakale uja wa mashgiach, ngakhale holo ya ku Waltham ili kutali zedi ndi ya ku Slabodka. Musar yofewa yotere inali itayamba kale kufala pakati pa Ayuda a ku America osakhwimitsa chipembedzo, makamaka kudzera mwa Alan Morinis, amene anayambitsa Mussar Institute mu 2004.

Kachitidwe kake m'magulu otere n'kosavuta kufotokoza. Gulu limatenga khalidwe limodzi kwa masabata angapo, tinene kudzichepetsa. Awiriawiri amawerenga kandime kakale n'kutsutsana nako, monga mwambo wa Chiyuda wophunzira ndi mnzako umachitira. Kenako aliyense amasankha kachinthu kochita, kakang'ono ngati mmene a Wolbe ankafunira. Amene amalankhula kwambiri m'kalasi angasankhe kudikira kuti anzake atatu ayambe alankhula. Amene salankhula n'komwe angasankhe kukweza dzanja kamodzi patsiku, chifukwa m'kamvedwe ka aphunzitsi a musar amakono, kudzichepetsa ndi kutenga malo okukwanira, osapitirira komanso osaperewera. Madzulo amalemba m'kope mmene zayendera. Akakumananso amauzana, ndipo lamulo ndi loti palibe wokonza mnzake kapena kumupatsa malangizo asanapemphe.

Chimene chimandikopa pa Gann n'choti magulu amenewa sanali a ana okha. Aphunzitsi ndi atsogoleri a sukulu nawonso ankakhala m'ma va'ad awo, kulimbana ndi kupsa mtima kwawo, kufuna ulemu kwawo, miseche ya mu sitafurumu. Apa ndi pamene pali yankho la dandaulo la 1897. Mwana wa zaka 15 amanunkhiza chinyengo patali. Akaona kuti kudzifufuza ndi chinthu chimene akuluakulu amachitira ana, amachitenga ngati chilango china chovala nkhope yabwino. Akamva mlangizi wake akunena mosadzionetsera kuti sabata ino walephera kangapo kudikira mnzake amalize kulankhula, zinthu zimasintha. Kunena zoona, ku Kelm ankadziwa kale zimenezi. Aphunzitsi a kumeneko ankakhala ndi malonjezo awoawo ndi makope awoawo.

Umboni wina wa mfundo yomweyi ukuchokera kunja kwa musar, kwa dokotala wa ana wa ku Warsaw, Janusz Korczak, amene pamodzi ndi Stefania Wilczyńska anayendetsa nyumba ya ana amasiye a Chiyuda kuyambira mu 1912. Mwana watsopano akafika ankapatsidwa mwana wamkulupo woti amuyang'anire miyezi itatu yoyamba. Wofuna kusiya kutukwana kapena ndewu ankapita kwa dokotalayo kukabetcha: sabata ino nditukwana kosapitirira mwakuti. Korczak ankamuletsa kulonjeza zambiri, ankalemba m'buku, ndipo wopambana ankalandira masiwiti. Panalinso bwalo la milandu limene oweruza ake anali ana, ndipo malamulo ake oyambirira ambiri anali okhululukira. Mwana ankatha kusumira wamkulu, ndipo Korczak mwini anaimapo pabwalolo kangapo ngati woimbidwa mlandu. Mu Ogasiti 1942 anapita ndi ana a m'nyumbayo pafupifupi 200 ku msasa wa Treblinka, kumene onse anaphedwa.

Kodi zimagwira ntchito?

Funsoli ndi lovuta kuposa mmene okonda mapulogalamuwa amavomerezera. Pakati pa 1928 ndi 1930 akatswiri awiri a ku America, Hugh Hartshorne ndi Mark May, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa ana oposa 10,000 amene anawaika pa mayesero oti angathe kubera, kunama kapena kuba akuganiza kuti palibe akuwaona. Anapeza kuti mwana wobera mayeso m'kalasi sikuti amaberanso pa masewera, ndipo kupita ku Sande sukulu kapena kuloweza malamulo a khalidwe sikunkasintha zambiri. Chimene chinkaoneka kuti chili ndi mphamvu ndi gulu limene mwana ali, anzake ndi mzimu wa m'kalasi mwake. A Salanter akanamva zimenezi sakanadabwa. Koma zotsatirazo ndi chenjezonso kwa aliyense woganiza kuti mphindi 30 za ulangizi pa sabata zingagonjetse zimene mwana amaona maola ena onse, makamaka ngati sukulu yomweyo imalemekeza okhoza bwino okha ndi ana a makolo opereka ndalama zambiri.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Mwana sangaulule zakukhosi kwa munthu amene mawa akhale pa komiti yomuchotsa sukulu, n'chifukwa chake masukulu oganiza bwino amayesetsa kulekanitsa mlangizi ndi wopereka chilango. Koma chinsinsicho chili ndi malire. Ku America malamulo amakakamiza mphunzitsi kukanena akamva kuti mwana akuzunzidwa, ndipo mlangizi wabwino amawauziratu ana malirewo tsiku loyamba. Komanso wamkulu amene mwana amamukhulupirira ndi mtima wonse ali ndi mphamvu yoopsa pa iye. Zipembedzo zonse, Chiyuda chomwe, zaphunzira mowawa kuti chitseko cha chipinda cha ulangizi chimafunika galasi, ndiponso kuti mlangizi naye akhale ndi womuyang'anira.

Yesero lomaliza ndi la makolo ndi mabodi a sukulu, amene amalipira ndalama zambiri ndipo amafuna kuona manambala. Masukulu ena ku America anafika poika makhalidwe pa lipoti la mwana, kulimbikira malikisi akuti, kuyamika malikisi akuti. Mu 2016 Angela Duckworth, katswiri amene kafukufuku wake wa kulimbikira ndiye anakoleza chidwi chimenechi, analemba mu New York Times kuchenjeza kuti miyeso yotere isagwiritsidwe ntchito poweruza masukulu. Kope la Lefin lija linali ndi manambala ndithu, timizere ndi timadontho sabata ndi sabata, koma mwini wake yekha ndi amene ankaliwerenga. Likangoyamba kupita ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu kumapeto kwa teremu, ana adzalemba zimene ofesiyo ikufuna kuona, ndipo mlangizi adzakhala ndi makope khumi oyera bwino a ana amene sakuwadziwa.